Chisakasa cha pachitsime: kamangidwe ndi kasamalidwe kake

Mvula yoyamba ikangogwa, zitsime zambiri za pakhomo zimasintha maonekedwe. Madzi amene anali mbee mwezi wa Okutobala amasanduka ofiirira, amakwera msanga, ndipo pamwamba pake pamayandama timitengo ndi masamba. Eni khomo amakondwa kuti chitsime chadzadza. Koma madzi a pansi pa nthaka sakwera usiku umodzi. Amene adzadza chitsimecho alowera pakamwa ndi m'ming'alu ya m'mbali, atakokolola zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi, zinyalala za kudzala ndi zonse zimene zinali pabwalo.

Nkhaniyi si yamasewera. Kolera imene inabuka m'Malawi mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 inafika m'maboma onse, inadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Matendawa amayenda ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Mabanja ambiri kumudzi, ngakhalenso m'madera a m'tauni monga Chinsapo ndi Mtandire ku Lilongwe, amadalira chitsime chokumba ndi manja mpopi ukauma kapena mjigo ukakhala kutali. Chitsime chotere chingathe kupereka madzi abwino, koma pokhapokha chitamangiridwa ndi kusamalidwa.

Chisakasa n'chiyani, nanga chimagwira ntchito yanji pachitsime?

Chisakasa ndi kanyumba kopanda makoma: mizati, mitanda ndi denga basi. Timachiona pamsika, pamaliro, ndi kuseri kwa nyumba kumene amayi amaphikira nthawi ya dzinja. Chimasiyana ndi khumbi la kumunda kapena msasa, zomwe munthu amamanga kuti agonemo kwa kanthawi, ndipo chimasiyananso ndi chigafa chomwe ntchito yake ndi kuumitsira fodya. Mphepo imadutsa momasuka m'chisakasa, munthu amalowa ndi kutuluka mbali iliyonse, koma mvula ndi dzuwa sizifika pansi pake.

Chikaima pachitsime, chimatchinga mvula, masamba ndi zitosi za mbalame kuti zisagwere m'madzi pamene chivundikiro chili chotsegula. Chimapatsa wotunga mthunzi. Koma ntchito yake yaikulu, imene ambiri saiganizira, ndi kunyamula chingwe ndi ndowa kuti zisakhudze pansi. Dziwaninso kuti denga lokha silingateteze madzi. Chitsime chofoleredwa bwino koma chopanda khoma, simenti yozungulira ndi chivundikiro, chimangonamiza maso. Ntchitoyi imayambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo denga limabwera pomaliza.

Yambani ndi malo

Ngati simunakumbe, sankhani malo okwera, kumtunda kwa chimbudzi, khola, bafa ndi dzala. Pakati pa chitsime ndi chimbudzi pakhale mamita osachepera 30. Munthu wamkulu akamayenda mwachizolowezi amaponda pafupifupi ka 40 kuti akwanitse mtunda umenewu. Musawerengere chimbudzi chanu chokha. Yang'ananinso cha oyandikana nawo, ndi chimbudzi chakale chomwe chinakwiriridwa. Pa nthaka ya mchenga, kapena ya miyala yong'ambika, zonyansa zimayenda mtunda wautali kuposa pa nthaka ya dongo, choncho mtundawo uonjezereni.

Onetsetsani kumene madzi amadutsa mvula ikagwa yambiri. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: pomwe anadutsa chaka chatha adzadutsanso chaka chino, ngakhale pakhale pouma gwa m'chilimwe. Musakumbe pansi pa mtengo, chifukwa mizu imang'amba khoma la chitsime ndipo mbalame zimagona pamwamba pake.

Ngati chitsime chilipo kale ndipo chili pafupi ndi chimbudzi, chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kusamuka. Nthawi zambiri chosavuta kusamutsa ndi chimbudzi. Pamene mukukonza zimenezi, madzi a chitsimecho akhale ochapira ndi kuthirira mbewu, osati akumwa.

Mkati mwa chitsime

Nthawi yabwino yokumba kapena kuzamitsa chitsime ndi kumapeto kwa chilimwe, mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, pamene madzi a pansi atsikiratu. Chitsime chokumba mu Malichi chimafika pamadzi msanga, koma chimaphwa dzuwa likaswa mtengo.

Mangani mkati monse ndi njerwa zowotcha bwino, kapena miyala. Gawo la pansi, pomwe pali madzi, njerwa zisanjidwe mosiya timipata kuti madzi azilowa. Gawo la pamwamba, mamita 3 kuchokera pamwamba pa nthaka, limangidwe ndi simenti ndi kupakidwa pulasitala, kuti madzi a mvula asapeze polowera. Kuseri kwa njerwazo, pakati pa khoma ndi nthaka, thirani dongo lonyowa n'kulitsendera mwamphamvu pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Malo amenewa ndi amene amisiri ofulumira amangokwirira ndi zibuma, ndipo m'menemo ndi momwe madzi oipa amatsikira osaoneka. Muimirire pomwepo tsiku limene akutseka mpata umenewu.

Khoma la pakamwa ndi simenti yozungulira

Khoma lisathere pa nthaka. Lipitirire kukwera masentimita 70 kapena 80, kufika cha m'chiuno mwa munthu wamkulu. Khoma lotere limatchinga madzi othamanga, limaletsa mwana wokwawa ndi ziweto kugweramo, ndiponso wotunga saponda pakamwa pa chitsime ndi mapazi amatope. M'madera omwe madzi amasefukira, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, yambani mwaunjika dothi n'kulitsendera kuti chitsime chikhale pachitunda, kenaka mumange khoma.

Kuzungulira khomalo wakani simenti yotambalala mita imodzi ndi theka mbali zonse, yochindikala masentimita 10, pamwamba pa miyala yotsenderedwa bwino. Kasakanizidwe kake ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi inayi ya miyala ya kwale. Simentiyo ipendekeke pang'ono kuti madzi azithawa chitsime, ndipo m'mphepete mwake mukhale kamzere ka njerwa kolondolera madziwo ku ngalande imodzi. Ngalandeyo ikhale yowaka, yotalika mamita osachepera 5, yopita kumunsi, ndipo ikathere m'dzenje lodzadza ndi miyala kapena pa phando la nthochi. Madzi akamadikha pafupi ndi chitsime amabwerera pansi pomwepo, amaswetsa udzudzu, ndi kuitana nkhumba ndi abakha.

Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa. Mukamaliza kuwaka, phimbani ndi masaka kapena udzu ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, osalola munthu kupondapo. Simenti yosathiriridwa imachita ming'alu chaka chisanathe.

Chivundikiro

Pamwamba pa khoma pakhale chivundikiro cha simenti chokhala ndi zitsulo mkati. Chiumbeni pansi, pambali pa chitsime, osati pamwamba pa dzenje. Chichindikale masentimita 8, zitsulo zipingasane motalikirana masentimita 15, ndipo pakati musiye bowo la masentimita 50 kapena 60, lokwanira ndowa ndiponso munthu wolowa kukatsuka. Chithirireni ngati simenti ina ija, ndipo musachinyamule milungu iwiri isanakwane. Pochikhazika, matani ndi simenti polumikizana ndi khoma.

Kuzungulira bowolo umbani kamlomo kokwera ngati zala zitatu. Kachitseko kachitsulo kapena ka thabwa lokutidwa ndi lata kakhale kokulirapo, kovala kamlomoko kunja. Mukatero madzi otayikira pa chivundikiro amagunda kamlomo n'kutsetserekera kunja, m'malo mobwerera m'chitsime atatsuka fumbi ndi mapazi a nkhuku. Ikani mahinjesi ndi loko. Pakhomo pomwe pali ana aang'ono, loko ameneyu ndi wofunika kuposa china chilichonse chomwe mwagula.

Kuimika chisakasa

Mizati ikhale inayi, yowongoka, ya mtengo wokhwima. Ikumbireni m'mphepete mwa simenti yozungulira ija, osati pafupi ndi khoma la chitsime, chifukwa dzenje la mzati nalonso ndi njira ya madzi. Maenje azame masentimita 60. Kutalika kwa denga kulole mayi wosenza ndowa kutuluka osawerama: mamita awiri ndi theka kumbali yokwera, ndi kutsikirapo pang'ono kumbali inayo.

Mdani wa mizati ndi chiswe. Wambani pamoto gawo lolowa pansi mpaka lichite makala kunja, kapena khazikani mzati uliwonse m'simenti yokwera pang'ono pamwamba pa nthaka. Amene angakwanitse amange zipilala za njerwa. Musapake mizatiyi oyilo wakutha wa galimoto, ndipo musathire mankhwala a chiswe m'maenje ake. Zimenezi zimathandiza pa khola kapena pa nkhokwe, koma pano zimatsika ndi mvula kukalowa m'madzi omwe mumamwa.

Pamwamba penipeni pa bowo la chitsime padutse mtanda wolimba. Ndowa ya malita 20 ikadzadza imalemera makilogalamu 20, ndipo mtandawo udzanyamula katundu ameneyu kambirimbiri tsiku lililonse. Sankhani mtengo wopanda mfundo zoola, muukhomere kapena kuumanga ndi waya mbali zonse ziwiri.

Denga lipitirire khoma la chitsime mbali zonse, ndipo madzi ake azigwera pa simenti yozungulira kapena kunja kwake, kumbali ya ngalande. Malata ndiwo abwino: sagwetsa zinyalala ndipo makoswe sabisalamo. Akhomereni bwino ndi kumanga mitanda ku mizati ndi waya, popeza chisakasa n'chopanda makoma ndipo mphepo imachinyamula kuchokera pansi. Ngati mukufolera ndi udzu, yalani pulasitiki pamwamba pa mapaso musanaike udzuwo, denga likhale lotsetsereka kwambiri, ndipo muziliona chaka chilichonse mvula isanayambe. Tsiku lofolera kapena kusasula, chitsime chikhale chotseka.

Musasandutse chisakasachi mosungiramo katundu. Feteleza, mankhwala a mbewu, mafuta a injini ndi zisa za nkhuku zisapezekemo.

Chingwe ndi ndowa

Taonani mmene madzi amatungidwira pa chitsime chopanda mtanda. Wotunga amawerama, amakoka chingwe dzanja ndi dzanja, ndipo chingwe chonyowacho chimaunjikana pansi pafupi ndi mapazi ake, pamatope pomwe padutsa nkhuku, pomwe waponda mwana wochokera kuchimbudzi. Akakhuthula madzi amaika ndowa pansi pomwepo. Kenaka amaponyanso ndowayo m'chitsime, chingwe chonse n'kulowa nayo. Wotsatira amabwera ndi chitini chake, chomwe chinagona kukhitchini kapena kubafa, n'kuchitanso chimodzimodzi. Pofika madzulo chitsime chalandira dothi la m'makomo onse otungapo.

Mankhwala a vutoli ndi ndowa imodzi ndi chingwe chimodzi, zokhala pachitsime pomwepo nthawi zonse. Njira yabwino koposa ndi chopukusira: mtengo kapena paipi yopingasa pamwamba pa bowo, yokhala ndi chogwirira kumapeto, yomwe imakulunga chingwe pamene mukupukusa. Chingwe sichifika pansi, ndipo manja sachigwira. Ngati chopukusira palibe, mangani kagudumu pamtanda, ndipo pa mzati umodzi khomani msomali waukulu kapena mphanda yokolekapo chingwe. Ndowa ikamaliza ntchito izikolekedwa m'mwamba chozondoka, kapena izilendewera mkati mwa chitsime kachitseko katatsekedwa.

Njira imeneyi inayesedwa kale. Ku Zimbabwe, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Peter Morgan ndi anzake a ku Blair Research Laboratory mumzinda wa Harare analimbikitsa kukonza zitsime za mabanja poika khoma la njerwa, simenti yozungulira, ngalande, kachivundikiro ka lata ndi chopukusira. Atayeza madzi anapeza kuti tizilombo tachepa kwambiri poyerekeza ndi zitsime zosakonzedwa, ndipo mabanja zikwizikwi anatengera njirayi. Panalibe makina odula. Zonse zinali zinthu zomwe mmisiri wa m'mudzi angathe kupanga.

Ndowa ya malita 10 ndi yabwino kuposa yaikulu, chifukwa agogo ndi ana okulirapo amaikwanitsa osawerama kwambiri. Chigubu chomwe munali mafuta ophikira chingagwire ntchito chikatsukidwa bwino, koma chomwe munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto chisayandikire chitsime ngakhale mutachitsuka kangati. Musapote chingwe ndi neti yotetezera udzudzu, popeza ili ndi mankhwala ndipo malo ake ndi pogona. Ndalama zikadzapezeka, ikani pampu ya chingwe n'kutsekeratu bowo. Chitsime chomwe sichitsegulidwa tsiku ndi tsiku ndicho chotetezeka kuposa zonse.

Mpanda ndi malamulo a pachitsime

Zungulizani mpanda wa nsungwi, bango kapena mitengo yomera, wokhala ndi chitseko chotsekeka, kuti mbuzi, nkhumba ndi agalu zisafike pa simenti. Kuchapa, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana kuzichitikira kunja kwa mpanda, kumunsi, kupitirira pothera ngalande. Matewera asachapidwe pafupi n'komwe. Pakhomo la mpanda ikani mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, kuti aliyense asambe m'manja asanagwire ndowa.

Chitsime cha pakhomo sichikhala cha banja limodzi, ndipo madzi sitimana mnansi. Choncho khalani pansi ndi onse otungapo mugwirizane: ndowa ya pachitsime ndi imodzi, kachitseko kazitsekedwa, ana aang'ono asatumidwe okha, ndipo mabanja azisinthana kusesa ndi kukolopa. Kukambirana zimenezi poyamba n'kosavuta kuposa kudzudzula munthu atalakwa kale. Mukhozanso kugwirizana kandalama kochepa ka mwezi ndi mwezi kogulira chingwe ndi thumba la simenti yomatira ming'alu.

Kutsuka chitsime popanda kutaya moyo

Kamodzi pachaka, m'chilimwe, chitsime chimafunika kuchotsamo matope. Ntchito imeneyi yapha anthu, chifukwa pansi pa chitsime pamatha kukhala mpweya woipa wosanunkha ndi wosaoneka. Musanalowe, tsegulani chitsime kwa maola angapo, kenaka tsitsani kandulo yoyaka m'ndowa mpaka pafupi ndi madzi. Ikazima, musalowe. Tsitsani ndi kukweza nthambi ya masamba ambiri mobwerezabwereza kuti mpweya usinthane, n'kuyesanso kandulo.

Wolowa amangidwe chingwe cholimba m'thupi, avale chipewa cholimba, ndipo pamwamba pakhale amuna awiri amphamvu osachokapo. Injini ya petulo kapena jenereta isalire mkati kapena pakamwa pa chitsime, chifukwa utsi wake umatsikira pansi ndipo umapha mofulumira. Wolowayo akakomoka, mukokeni ndi chingwe. Musatsike kukamutenga, pakuti mpweya womwe wamugwetsa ugwetsanso inu.

Mukamaliza kutsuka kapena kumanga, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti athire klorini pa muyezo woyenera kukula kwa chitsimecho. Madziwo agone usiku wonse osatungidwa, kenaka muwakape mpaka fungo lamphamvu la klorini litatha. Chitaninso chimodzimodzi m'chitsime mukagwera chiweto, khoswe kapena chule n'kuferamo, ndiponso madzi osefukira akalowamo, monga zinachitikira m'madera ambiri a chigawo cha kummwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Madzi akafika m'nyumba

Ngakhale chitsime chitamangidwa bwino chotani, madzi akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe, makamaka m'dzinja. WaterGuard amathiridwa kachivindikiro kamodzi ka botolo lake m'malita 20 a madzi oyera, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Werengani malangizo a pabotolo, ndipo madzi akakhala amatope yambani mwawasefa pa nsalu yoyera. Klorini wa kwa alangizi a zaumoyo ali ndi muyezo wake, womwe iwo adzakuuzani. Powiritsa, madzi abwate ndithu kwa mphindi imodzi yathunthu.

Sungani madziwo m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena m'ndowa ya kampopi, yovundikira. Ngati ali mumtsuko, pakhale chikho chimodzi cha chogwirira chachitali chotungira, chosamwera munthu. Posenza, musaike masamba pamwamba pa ndowa kuti madzi asakhavukire. Gwiritsani ntchito chivundikiro. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, mupatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo muthamange naye kuchipatala akumwabe m'njira.

Ngati ndalama sizikukwana zonse pakamodzi

Mabanja ambiri sangagule simenti, zitsulo ndi malata mwezi umodzi, ndipo palibe chifukwa chodikira mpaka zonse zitapezeka. Sabata ino, pezani ndowa imodzi ndi chingwe chimodzi za pachitsime, imikani mphanda ziwiri ndi mtanda wokolekapo, vundikirani pakamwa ndi lata kapena matabwa olemera, ndipo lambulani kangalande kumtunda kopatutsa madzi a mvula. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Mukakolola n'kugulitsako, thumba loyamba la simenti lipite ku khoma la pakamwa ndi mamita 3 a pamwamba aja. Lotsatira lipite ku simenti yozungulira ndi ngalande, kenaka chivundikiro ndi loko. Denga ndi mpanda mungayambe ndi udzu ndi nsungwi, malata n'kudzabwera pambuyo.

Mukamaliza, muziyendera chitsime chanu mwezi ndi mwezi. Onani ngati simenti yachita mng'alu, ngalande yatsekeka, chingwe chayamba kuduka, kapena chiswe chakwera mzati, ndipo mukonze tsiku lomwelo. Kuyendera kofunika kwambiri ndi kwa mu Okutobala, kuti mvula ikamabwera ipeze ming'alu itamatidwa, denga litamangidwa ndi ngalande ili yotseguka.